Kasinja sauluka: nkhani ya sitima zamalonda zomwe zinasanduka zonyamula magalimoto ankhondo

Aliyense amene anaitanitsapo galimoto ku Japan akudziwa kudikira kuja, tsiku lililonse uli pa foni kuona kuti sitima yafika pati, kenako umve kuti yakocheza ku Dar, nde muyambe za ma ejenti ndi dalaivala woti akaitenge mpaka pa Songwe. Galimoto ija sananyamule ndi kireni ayi. Munthu anachita kuiliza n'kukwera nayo m'sitima ngati akulowa mu galaja, anaimangirira pansi ndi malamba, pofika ku Dar wina anailizanso n'kutsika nayo. Sitima zoterozo amazitchula kuti roro, kufupikitsa mawu achingerezi akuti roll on roll off, kutanthauza kuti katundu amalowa yekha pa matayala ake n'kutulukanso yekha. Ndayambira pamenepa dala chifukwa sitima zomwe ndikufuna tikambirane ndi zomwezo, kungoti m'malo mwa ka Vitz kapena Sienta mumalowa akasinja, mathiraki a asilikali, ma ambulansi, mathanki amadzi ndi mabuludoza. Ndipo zambiri mwa izo sizinabadwe zankhondo, zinali za bizinesi, asilikali a America anachita kugula n'kuzikonzanso.

Tikamaonera nkhondo pa TV maso athu amakhala pa ndege ndi mizinga, palibe amene amafunsa kuti kodi kasinja uja wafika bwanji kuchipululu kuchokera ku Texas kapena Georgia. Kasinja wa M1 Abrams amalemera matani oposa 60. Ndege yaikulu ija ya C-17 imanyamula m'modzi basi pa ulendo, m'modzi. Pomwe gulu limodzi lalikulu la asilikali, lomwe amati division, limakhala ndi magalimoto masauzande. Nde asilikaliwo amatha kukwera ndege n'kufika mawa lake, koma zida zawo, pafupifupi 90 peresenti ya katundu yense, zimayenda panyanja, ndipo msilikali wofika opanda galimoto, opanda zipolopolo zokwanira, amangokhala munthu wovala yunifomu akudikira padoko.

Vuto linakula m'zaka za m'ma 1970 pomwe malonda a dziko lonse anasamukira ku makontena. Sitima ya makontena mkati mwake ndi maenje akuyaakuya okhala ndi zitsulo zoimirira m'mbali zoti kontena izitsetsereka bwinobwino mpaka pansi, ina pamwamba pa inzake. Kwa wamalonda zimenezo ndi zabwino kwabasi, koma kasinja salowa mu kontena, ndipo mulibe pansi poti galimoto ingayendepo. Sitima zakale zija zomwe zinkalandira katundu wamtundu uliwonse zinali zikutha, nde dziko la America, lomwe linali ndi asilikali amphamvu, linapezeka kuti njira yowasamutsira ikuchepa. Kenako 1979 inabwera ndi zake, ku Iran boma la Shah linagwa, mu Disembala asilikali a Soviet Union analowa mu Afghanistan, ndipo mu Januwale 1980 pulezidenti Jimmy Carter analengeza kuti America idzateteza chigawo cha Persian Gulf ngakhale ndi nkhondo. Kulankhula n'kosavuta, koma sitima zoti zikafikitse zida kumeneko mwachangu panalibe zokwanira.

Apa ndi pomwe nkhani ya sitima 8 zotchedwa SL-7 ikulowera, ndipo ine imandikhudza chifukwa zinali zokongola, zamphamvu, koma zinabadwa nthawi yolakwika.

Kampani yomwe inazipangitsa ndi Sea-Land, ya Malcom McLean, bambo amene anayamba ngati woyendetsa thiraki ku North Carolina n'kudzakhala munthu amene anatchukitsa kontena. Ngakhale sitima yake yoyamba ya makontena, Ideal X, yomwe inanyamuka ku Newark kupita ku Houston mu Epulo 1956 ndi makontena 58, inali yosinthidwa, poyamba inali yonyamula mafuta nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nde izi zosintha sitima zimapita uku ndi uku. Mu 1972 ndi 1973 Sea-Land inalandira ma SL-7 kuchokera ku Rotterdam ku Netherlands komanso Bremen ndi Emden ku West Germany. Iliyonse kutalika mamita 288, ndiye kuti mabwalo a mpira atatu kungotsala pang'ono, inkanyamula makontena opitirira 1,000, ndipo injini zake zinali za nthunzi, mphamvu zake ma horsepower 120,000. Liwiro lake ma knot 33, omwe ndi pafupifupi makilomita 61 pa ola. Mwina mukuti 61 ndi chani, minibasi imaposa pamenepo, koma taganizani chinthu chotalika ngati mabwalo atatu, chodzaza katundu, chikung'amba madzi pa liwiro limenelo usana ndi usiku osaima. Mu 1973 imodzi mwa izo, Sea-Land Exchange, inawoloka Atlantic pa liwiro la pafupifupi ma knot 35, ndipo mpaka lero sitima zonyamula katundu za kukula kotere sizithamanga choncho.

Koma walira mvula walira matope. Ikamathamanga liwiro lonse SL-7 inkamwa mafuta matani 500 kapena kuposerapo pa tsiku limodzi, werengani mathanka amafuta aja timawaona akuchokera ku Beira, oposa 15 pa tsiku, sitima imodzi. Pomwe ankazijambula mafuta anali otchipa nde zinkaoneka zanzeru. Kumapeto kwa 1973 mayiko achiarabu anatseka mpopi chifukwa cha nkhondo ya Israel ndi Egypt ndi Syria, mtengo wa mafuta unakwera pafupifupi kanayi, basi bizinesi yonse ya liwiro ija inathera pomwepo. Anayamba kuziyendetsa pang'onopang'ono kuti asunge mafuta, koma sitima yopangidwira kuthamanga imakhala yowonda, malo a katundu ndi ochepa poyerekeza ndi zinzake zonenepa, nde ikamayenda pang'onopang'ono ilibenso phindu. Chomwe chinali chilema kwa wamalonda chinali ndendende chomwe asilikali ankafuna, iwo sawerengera mafuta ngati nkhondo yayamba, amawerengera masiku. Mu 1981 ndi 1982 asilikali apamadzi a America anagula zonse 8.

Kusintha kwake sikunali kungopaka penti yotuwa ayi. Anazitengera ku malo okonzera sitima ku San Diego, ku Avondale kufupi ndi New Orleans, ndi ku Chester ku Pennsylvania, ntchito yomwe inatha cha mu 1986. Pakati pa sitima anachotsa zitsulo zija zotsogolera makontena, m'maenje muja anamangamo nsanjika zachitsulo, imodzi pamwamba pa inzake, zolimba zoti kasinja ayendepo osapindika, n'kuzilumikiza ndi misewu yotsetsereka yamkati kuti galimoto izitha kuchoka nsanjika ina kupita ina. M'mbali zonse ziwiri anaboola zitseko zikuluzikulu zokhala ndi mlatho wotsitsira padoko. Anaika makireni awo, awiri a matani 35 pakati ndi awiri a matani 50 kumbuyo, chifukwa doko la kunkhondo sungadalire kuti ukapeza kireni yamoyo. Pamwamba anasiya malo oti helikopita itere. Anazipatsa mayina a nyenyezi, Algol, Bellatrix, Denebola, Pollux, Altair, Regulus, Capella ndi Antares, ndipo Sea-Land Exchange ija ndi yomwe inakhala Algol. Imodzi inkatha kunyamula magalimoto oposa 700, zonse pamodzi zinkanyamula pafupifupi zida zonse za division imodzi ya akasinja, kuchokera kugombe la kum'mawa kwa America kufika ku Ulaya masiku 6, ku Persian Gulf kudzera pa Suez masiku 18.

Tiyeni tilowe mkatimo pa tsiku lopakira, chifukwa ndi pomwe umamvetsa kuti ntchitoyi ndi yotani. Kasinja amakwera mlatho uja pang'onopang'ono, dalaivala saona bwino m'mbali nde kutsogolo kumakhala munthu akuyenda chafutambuyo akumulozera ndi manja, phokoso lake simungamvane ngakhale mutakuwa. Mkati utsi wa injini umadzaza, nchifukwa chake amaikamo mafani akuluakulu okoka mpweya, opanda amenewo anthu akomoka. Akafika pamalo pake amamuimika moyandikana kwambiri ndi mnzake, kampata kongokwana munthu kudutsa chammbali, kenako anyamata amagwada ndi matcheni, kukoleka ku kasinja, kukoleka pansi, kukunga mpaka tcheni ilire. Tcheni imodzi yomasuka pakati pa nyanja mafunde akamenya, matani 60 aja ayamba kuyenda okha, aphwanya chilichonse ndipo sitima imatha kupendekeka. Komanso opakira saganiza za kulemera kokha, chomwe chimayamba kutha ndi malo apansi, nde amawerengera malo ngati mmene umawerengera chipinda poika mipando, ndipo chomwe chikafunike koyamba potsika chikuyenera kulowa pomaliza. Ukalakwitsa pamenepo ndiye kuti mathiraki amafuta ali pansi penipeni pomwe akasinja atsika kale ndipo akufuna mafuta.

Chinthu china chomwe anthu sadziwa, oyendetsa sitima zimenezi si asilikali. Ndi amalinyero wamba, anthu pafupifupi 40 pa sitima yonse ija, olembedwa ntchito ngati wina aliyense. Nthawi yamtendere sitima imangokhala padoko ndi kagulu kochepa koyang'anira, lamulo lake linali loti ikaitanidwa ikhale itakonzeka m'maola 96.

Mayeso enieni anabwera pa 2 Ogasiti 1990 pomwe Iraq inalowa mu Kuwait. Zoyamba kufika ku Saudi Arabia zinali sitima zomwe zinkakhala zodzaziratu zida pa chilumba cha Diego Garcia m'nyanja ya Indian, zinafika ku Al Jubayl pakati pa mwezi womwewo, ndipo izonso zinali zamalonda zosinthidwa, za kampani ya Maersk. Kwinaku ma SL-7 aja anathamangira ku Savannah ku Georgia kukatenga zida za 24th Infantry Division. Capella inali yoyamba, inafika ku Dammam pa 27 Ogasiti. Masiku amenewo anali owopsa zedi chifukwa asilikali omwe anali atafika kale pa ndege anali ndi zida zopepuka, akasinja a Saddam Hussein akanati apitirire kulowa mu Saudi Arabia zinthu zikanavuta, nde tsiku lililonse lomwe sitima inapulumutsa panyanja linali ndi tanthauzo.

Koma Antares sinafike. Inali ndi mavuto omwe ankadziwika kale a maboyila, momwe amawiritsira madzi kuti injini ipeze nthunzi, imayenera kukonzedwa, koma poti zinthu zinali zothina anaitumiza choncho. Pakati pa Atlantic injini zinazima, chimphona chija chodzaza zida za asilikali chinangoyandama, mpaka anachita kuchikoka kupita ku Rota ku Spain. Altair, yomwe inali itatsitsa kale katundu wake ku Saudi Arabia, inadzera ku Rota pobwerera, anasamutsiramo katundu wambiri wa Antares n'kubwerera naye, anafika mu Seputembala mochedwa ndi masabata. Zotsala 7 zija zinagwira ntchito ngati akapolo, kupita n'kubwera, ndipo pamapeto pake zinanyamula katundu woposa gawo limodzi mwa magawo 10 a yense amene anachoka ku America kupita kunkhondoko. Sitima 7 zokha. Ine ndimaona kuti nkhani ya Antares ndi ya Capella zimayenera kukambidwa limodzi, chifukwa zinapangidwa mofanana, zinagulidwa limodzi, kusiyana kwake kunali pa chisamaliro basi.

Ndipo si Antares yokha. Boma linali ndi sitima zina zambiri zakale zosungidwa, zomwe amati Ready Reserve Force, zambiri mwa izo zinachedwa kudzuka, ina paipi yaphulika, ina boyila ikukana. Anthu odziwa injini za nthunzi anali atachepa chifukwa sitima zatsopano zinali zitasamukira ku dizilo, nde anachita kuitana madala omwe anali atapuma kale ntchito, ena a zaka za m'ma 60 ndi 70, kuti abwere adzayatse moto. Tangoganizani agogo oti amayenera kukhala pakhonde ndi zidzukulu, ali m'chipinda cha injini chotentha ngati uvuni pa Red Sea, chifukwa palibenso wina akudziwa kuti valavu iyi imatsegulidwa liti. Anthu amenewa sawatchula kawirikawiri akamakamba za nkhondo imeneyo, koma popanda iwo zida zambiri sizikanafika. Ngakhale zinali choncho America inachitabe hayala sitima zambiri za mayiko ena kuti ntchito itheke.

Nkhondo itatha anakhala pansi n'kuwerengera, kafukufuku wa 1992 anati pakufunika ma roro ena akuluakulu. Ena anamanga atsopano, koma asanu oyamba anali osinthidwanso, ndipo onse anachokera ku Denmark. Atatu anali a makontena a Maersk, anawakonza ku San Diego, awiri anali Jutlandia ndi Selandia a East Asiatic Company, opangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anawakonza ku Newport News. Onse asanu anawaika mlatho waukulu kumbuyo womwe umatha kutembenukira mbali, kuti ngakhale doko likhale lovuta azitha kutsitsa. Liwiro lake ndi ma knot 24, locheperapo, koma malo ndi ambiri, imodzi imatha kutenga akasinja 58, magalimoto ena oyenda pa matcheni 48, ndi mathiraki oposa 900. Awiri mwa iwo anawatcha Shughart ndi Gordon, mayina a Randy Shughart ndi Gary Gordon, asilikali omwe anafera ku Mogadishu ku Somalia pa 3 Okutobala 1993 akuteteza anzawo a mu helikopita yomwe inagwetsedwa.

Funso lomwe munthu angafunse ndi loti bwanji osangomanga zatsopano zokhazokha, dziko lolemera ngati limenelo. Yankho ndi ndalama ndi nthawi. Kumanga sitima ku America n'kodula kwambiri kuposa ku Korea, Japan kapena China, ndipo kumatenga zaka, pomwe yogwiritsidwa kale ntchito umaigula lero, thupi ndi injini zilipo kale. Komanso sitima yonyamula katundu ilibe ulemerero, pokambirana bajeti aliyense amafuna ndalama zipite ku ndege zankhondo ndi sitima zamizinga, iyi yonyamula mathiraki imakhala kumapeto kwa mzere. Kugula chakale si cholakwika, tonse tikudziwa kuti galimoto ya ku Japan yoyenda kale imatha kukutumikira zaka zambiri, koma umakhala wagula ndi zaka zake zomwe, ndipo tsiku lina sipeya yake idzasowa.

Pali chinanso chomwe penti yotuwa siingasinthe, sitima yamalonda sinapangidwe kuti izilandira mizinga. Ya nkhondo yeniyeni mkati mwake ndi tizipinda tambirimbiri totsekeka kuti madzi kapena moto zikalowa mbali imodzi zisafalikire, pomwe roro ubwino wake ndi womwewo woti mkati ndi mwapululu kuti magalimoto aziyenda, nde moto ukayamba umathamanga kuchokera uku mpaka uko, ndipo galimoto iliyonse ili ndi mafuta mu thanki. A Britain anaziona izi mu 1982 pa nkhondo ya ku Falklands. Anatenga sitima zamalonda zambiri mwachangu, imodzi inali Atlantic Conveyor ya kampani ya Cunard, anaikonza m'masiku ochepa kuti inyamule ndege za Harrier ndi mahelikopita. Pa 25 Meyi ndege za Argentina zinaiwomba ndi mizinga ya Exocet, inalibe chodzitetezera, inapsa ndipo patapita masiku ochepa inamira. Anthu 12 anafa kuphatikizapo kaputeni wake Ian North. Ma Harrier anali atachoka kale, koma mahelikopita akuluakulu atatu a Chinook ndi ena 6 a Wessex anapita nayo, zotsatira zake asilikali omwe amayenera kuuluka anayenda wapansi kudutsa chilumba cha East Falkland m'kuzizira, katundu ali kumsana. Sitima imodzi yonyamula katundu inasintha mmene nkhondo yonse inayendera.

Sikuti ntchito yake ndi nkhondo yokha. Mphepo ya Katrina itawononga New Orleans mu 2005, Pollux inali komweko ikukonzedwa, inakhala ngati malo othawirako, ikupereka mafuta ndi madzi kwa ogwira ntchito yopulumutsa anthu. Mu 2014 roro ina yakale yotchedwa Cape Ray anaiika makina mkati mwake n'kuonongeramo mankhwala a zida zapoizoni za ku Syria, pafupifupi matani 600, ili pakati pa nyanja ya Mediterranean, patakhala kuti mayiko angapo akana kuti ntchitoyo ichitikire pa nthaka yawo. Malo apululu aja omwe ndi owopsa pa moto ndi omwenso anapangitsa kuti fakitale yonse ikwane m'sitima.

Pano vuto ndi ukalamba. Ma SL-7 aja anachoka m'manja mwa asilikali apamadzi n'kupita ku Ready Reserve Force cha mu 2007 ndi 2008, ndipo pofika 2023 onse anali atakwanitsa zaka 50. Mu Seputembala 2019 akuluakulu anachita mayeso odzidzimutsa, kuitana sitima zambiri nthawi imodzi kuti aone ngati zingadzuke, lipoti lake linasonyeza kuti pafupifupi 40 peresenti yokha ya sitima zonse ndi yomwe inali yokonzeka kugwira ntchito ya nkhondo. Njira yomwe asankha ndi yomwe ija ya kale, kugulanso zogwiritsidwa kale ntchito, zoyamba ziwiri zinali zonyamula magalimoto wamba, ngati zomwe zimabweretsa athu aja, anazitcha Cape Arundel ndi Cape Cortes. Ndipo ngakhale sitima zitapezeka, amalinyero oti aziyendetse kwa miyezi yambiri mosinthana ndi ochepa, chifukwa sitima zamalonda zonyamula mbendera ya America zinachepa kwambiri ndipo ndi komwe anthuwo amachokera. Izi ndi zomwe zimandidetsa nkhawa ndikaganiza za anthu wamba omwe adzatumizidwe pa zitsulo zokalamba chonchi, popanda mfuti, ngati zinthu zitadzavutanso.

Pa 26 Malichi 2024 usiku, sitima ya makontena yotchedwa Dali inazima magetsi ikutuluka mu doko la Baltimore n'kugunda mlatho wa Francis Scott Key, mlatho unagwera m'madzi, anthu 6 omwe ankakonza msewu pamwamba pake anafa, ndipo njira yotulukira padokopo inatsekeka. Mkati mwa doko munatsekeredwa sitima zinayi za Ready Reserve Force, zomwe zimayenera kunyamuka m'masiku ochepa zikaitanidwa, Cape Washington, Gary I. Gordon (Gordon uja), Denebola, ndi Antares yomwe ija ya ku Rota. Njira yonse inadzatsegulidwa bwinobwino mu Juni.